Mphatso ya Kuimba ndi Malipiro Ake

Munthu wokonda kuimba akaganiza zoti kuimbako kukhale ntchito yomudyetsa, amakumana ndi funso limene anthu achipembedzo ndi anthu oganiza mozama alimbana nalo kuyambira kale: kodi chinthu chimene munthu anachilandira kwaulere angachigulitse? Mawu okoma, khutu lomva msanga nyimbo ikaphonyeka, ndi zala zopepuka pa gitala sizigulidwa pamsika. Okhulupirira amati ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo makolo ankati mwana watengera kumtundu. Koma woimba naye amadya, amalipira lendi ndiponso amaphunzitsa ana. Ku Malawi funsoli limamveka kwambiri pa nyimbo zauzimu, pamene anthu amatsutsana ngati woimba wakutiwakuti akuchita utumiki kapena bizinesi, ngakhale kuti limakhudza woimba wa chamba chilichonse. Lili ndi mbali zitatu: ngati kulandira malipiro n'koyenera, zimene malipirowo amachita kwa woimba ndi kunyimbo yake, ndi udindo wa anthu amene amamvera.

Woimba m'mudzi wa makolo

M'midzi ya Achewa kuimba sinali ntchito yoti munthu n'kusiyira khasu. Aliyense ankaimba: amayi pamtondo, ana pamasewera a usiku kukakhala mwezi, mudzi wonse pamaliro, pachinamwali ndi paukwati. Komabe anthu ankadziwa kuti si onse ali ndi dzanja pang'oma. Woimba ng'oma ya mbalule pa gule wamkulu amadziwika mpaka kumidzi yoyandikana nayo, ndipo pakakhala mwambo amamutumira uthenga. Asanayambe amawamba ng'oma pamoto wa udzu kuti chikopa chikungike, amayesa kulira kwake ndi zala, n'kuiwambanso mpaka italankhula mmene akufunira. Gule akavina mogometsa anthu amafupa, ndipo oimba ng'oma nawo sabwerera chimanjamanja.

M'chikhalidwe chimenechi mphoto imabwera nyimbo itaimbidwa kale, ndipo kukula kwake kumachokera mumtima wa wopereka. Mudzi unkavomereza kuti luso liyenera kuthokozedwa ndi zinthu zogwirika, koma sunkaika mtengo pasadakhale. Mwambi woti ukaipa dziwa nyimbo ukusonyeza kuti makolo ankaona luso ngati chinthu chopatsa munthu malo pakati pa anzake, ngakhale atasowa zina zonse. Anthu osaona ambiri anapezadi chakudya chawo ndi bangwe kapena banjo m'misika ndi m'malo okwerera basi. Chimene chinasintha chitabwera chuma cha ndalama, wayilesi ndi makaseti ndi chakuti woimba anayamba kutchula mtengo asanaimbe, ndipo apa m'pamene funso la chikumbumtima linakulira.

Zimene Malemba amaphunzitsa

M'Baibulo muli mizere iwiri ya chiphunzitso imene poyamba imaoneka ngati ikutsutsana. Mzere woyamba umachenjeza za kugulitsa zinthu za Mulungu. Pa Mateyu 10, Yesu potuma ophunzira ake anawauza kuti apereke kwaulere popeza nawonso analandira kwaulere. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya anafuna kugula ndi ndalama mphamvu yopatsa anthu Mzimu Woyera, ndipo Petro anamudzudzula koopsa. Pa 2 Mafumu 5, Gehazi anathamangira Naamani kukatenga siliva ndi zovala zimene Elisa anakana, ndipo anagwidwa khate. Anthu otsutsa malipiro a oimba auzimu amatsamira pa ndime zimenezi.

Mzere wachiwiri umanena za oimba mwachindunji. Buku la 1 Mbiri limafotokoza kuti Davide anapatula Alevi 4,000 oti azitamanda Mulungu ndi zoimbira, ndipo mwa mabanja a Asafu, Hemani ndi Yedutuni munali akatswiri ophunzitsidwa bwino okwana 288, ogawidwa m'magulu 24. Mutu 9 wa buku lomwelo umati oimba ankakhala m'zipinda za pa Kachisi ndipo sankapatsidwa ntchito zina, chifukwa ntchito yawo inali ya usana ndi usiku. Ankadya kuchokera ku zopereka za anthu. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu, monga mutu 13 wa buku lake ukunenera, anapeza kuti Alevi ndi oimba sakupatsidwanso magawo awo, choncho aliyense anali atapita kukalima munda wake. Nehemiya sanadzudzule oimbawo kuti ndi okonda chuma. Anadzudzula akuluakulu chifukwa chonyanyala nyumba ya Mulungu, anawabwezera oimba pamalo pawo, ndipo anthu anabweretsanso chakhumi mosungira.

Mateyu 10 yemweyo, atangonena za kupereka kwaulere, amanenanso kuti wantchito ayenera chakudya chake. Paulo pa 1 Akorinto 9 anateteza ufulu wa mtumiki wodya kuchokera ku utumiki wake, ngakhale kuti iye mwini ku Korinto anasankha kusoka mahema pamodzi ndi Akwila ndi Prisila kuti asalemetse mpingo. Kwa Afilipi analandira thandizo ndipo anathokoza. Motero mizere iwiri ija sikulimbana. Malemba amaletsa kuika mtengo pa chisomo cha Mulungu, ndipo amalamula kudyetsa munthu amene wapereka masiku ake ku ntchito ya Mulungu.

M'Chisilamu mulinso maganizo ofanana nawo. Ngakhale kuitanira anthu ku swala sikutchedwa nyimbo, ndi ntchito ya mawu imene imafuna luso. Pali hadisi (mawu a Mtumiki wa Chisilamu) yolangiza kusankha muadhini, woitanira anthu ku swala, wosalandira malipiro pa kuitanako, koma akatswiri ambiri a malamulo a Chisilamu a m'mibadwo yotsatira analola kuti muadhini ndi mphunzitsi wa Qur'an azipatsidwa thandizo, poona kuti popanda thandizolo ntchito yopatulika ingasowe oigwira.

Nkhawa za anthu oganiza mozama

Kulola malipiro sikuthetsa nkhani yonse, pakuti malipiro amasintha munthu. Aristotle, wanzeru wa ku Greece, analemba m'buku lachisanu ndi chitatu la Politics kuti ana aphunzire nyimbo mokwanira kuti azisangalala nazo ndi kudziwa kusiyanitsa zabwino ndi zoipa, koma asaphunzitsidwe kukhala akatswiri opikisana pamaso pa anthu. Chifukwa chake chinali chakuti woimbira malipiro amaimba kuti akondweretse omvera, ndipo omvera akakhala okonda zachabechabe amatsitsa nyimbo ndi woimba yemwe. M'maganizo ake munali kunyoza anthu ogwira ntchito yolipidwa, kumene kunali kofala pakati pa olemera a nthawi yake, ndipo kunyoza kumeneko n'kosayenera kutsatidwa. Koma chimene anaona n'choona: amene amalipira amayamba kulamula.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anaona ngozi ina. M'buku lake la Confessions anavomera kuti kuimba m'tchalitchi n'kothandiza, koma anati nthawi zina ankapezeka akukhudzidwa ndi kukoma kwa mawu a woimba kuposa uthenga woimbidwawo, ndipo ankakuona ngati kulakwa. Woimba wodalira nyimbo pa chakudya chake amayesedwa kwambiri pamenepa, chifukwa chimene chimagulitsa matikiti nthawi zambiri ndi kukoma kwa nyimbo ndi kavinidwe, osati kuzama kwa uthenga.

Akatswiri a maganizo a munthu anayesapo mbali ina ya nkhaniyi. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ana aang'ono okonda kujambula. Ana amene analonjezedwa mphoto asanajambule, pambuyo pake ankajambula mochepa akasiyidwa okha. Ana amene analandira mphoto mosayembekezera sanataye chidwi chawo. Kafukufuku wa ana sanganene zonse za moyo wa munthu wamkulu, koma akusonyeza kuti chinthu chimene munthu ankachita chifukwa chochikonda chingasanduke chinthu chimene amachita pokhapokha pali cholowa. Oimba ambiri amakudziwa kusinthaku: gitala imene inkagwidwa tsiku lililonse madzulo imayamba kugwidwa pokhapokha pakhale phwando lolipira.

Ntchito ngati maitanidwe

Yankho lamphamvu pa nkhawa zimenezi linachokera kwa Martin Luther, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1483 mpaka 1546. Iye anaphunzitsa kuti ntchito wamba ya mlimi, mmisiri kapena mayi wolera ana ndi maitanidwe ochokera kwa Mulungu, mofanana ndi ntchito ya wansembe, chifukwa ndi mmene munthu amatumikirira mnansi wake. Nyimbo anaziika pamalo achiwiri pambuyo pa maphunziro a za Mulungu, ndipo iye mwini anapeka nyimbo za mpingo. Mwa chiphunzitso chimenechi, kulipidwa sikuchotsa kupatulika kwa ntchito. Chimene chimaipatula ndi kukhulupirika kwa woigwira ndi phindu lake kwa anthu.

Moyo wa Johann Sebastian Bach ukusonyeza mmene zimenezi zimaonekera pafupi. Kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750, Bach anali wolembedwa ntchito mumzinda wa Leipzig ku Germany, woyang'anira nyimbo m'matchalitchi akuluakulu a mzindawo ndi kuphunzitsa anyamata a pasukulu ya St Thomas. M'zaka zoyambirira ankapeka nyimbo yaitali yatsopano ya kwaya ndi zoimbira pafupifupi sabata iliyonse, n'kuilemba pamanja, kuiphunzitsa, ndi kuitsogolera Lamulungu. Kumapeto kwa zolemba zake zambiri ankaika zilembo zopereka ulemerero kwa Mulungu yekha. Munthu yemweyo mu 1730 analembera kalata mnzake wakale Georg Erdmann, kudandaula kuti zinthu n'zodula ku Leipzig, kuti ndalama zake zapachaka zinali pafupifupi ma thaler 700, ndi kuti chaka chapitacho anataya oposa 100 chifukwa maliro anachepa, pakuti gawo lina la malipiro ake linkachokera ku kuimba pamaliro ndi pamaukwati. Chaka chomwecho analembera khonsolo ya mzinda kuti oimba ndi oliza zida ndi ochepa kwambiri pa ntchito imene ankayembekezeredwa kugwira. Mwa Bach, kupembedza ndi kuwerengera ndalama za banja zinakhala m'munthu mmodzi, ndipo nyimbo zake zikuimbidwabe m'matchalitchi padziko lonse.

Mmene zakhalira ku Malawi

Mbiri ya nyimbo za ku Malawi ili ndi zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Alleluya Band inayamba mu 1978 ku Balaka, pansi pa mpingo wa Katolika, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici ochokera ku Italy. Achinyamata amene anayamba ndi kuimba kutchalitchi anapeza zida, malo ophunzirira ndi mpata woimba pamaso pa anthu. Kumeneko kunatuluka Paul Banda, amene anakhazikitsa situdiyo ku Balaka komweko, ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anayambitsa Zembani Band ndipo anaimba za amphawi, akaidi ndi ulamuliro woipa mpaka imfa yake mu 2024. Nyimbo zake zina zinaletsedwapo pa wayilesi ya boma. Nkhani ya ku Balaka ikusonyeza kuti mpingo ukaika chuma mwa oimba ake, dziko lonse limapindula, ndiponso kuti woimba wodya za nyimbo angathe kunena zoona zimene olamula safuna kumva.

Mbali ina ndi ya Allan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene ankaliza banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Nyimbo zake zinkamveka pa wayilesi dziko lonse, koma anamwalira mu 1995 ali wosauka. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anaimba zaka zambiri akukhala moyo wa kumudzi. Nyimbo yake ya Linny Hoo, imene anaijambulanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inaonedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri pa TikTok iye ali ndi zaka zoposa 90. Kutchuka kwa nyimbo ndi chakudya cha woimba sizinayendere limodzi kwa anthu amenewa.

Njira zopezera ndalama nazo zasintha. M'zaka za m'ma 1990 makaseti ankagulitsidwa kwambiri kudzera mwa ogawa nyimbo monga O.G. Issa ku Limbe. Kenako kunabwera kukopera nyimbo pa kompyuta, m'mamemori khadi ndi m'mafoni, ndipo malonda a zimbale anagwa. Lero woimba amadalira maphwando, maukwati, kutsatsa malonda a makampani ndi intaneti. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake, ndipo lamulo latsopano loteteza luso linakhazikitsidwa mu 2016. Malamulowa amanena m'chilankhulo cha boma zimene Nehemiya ananena m'chilankhulo cha Kachisi, kuti wopindula ndi nyimbo ali ndi ngongole kwa woimba.

Chimene chimalipiridwa

Kuti funsoli liyankhidwe bwino, pafunika kuona chimene malipiro amagula. Madzi ndi a Mulungu, koma wokumba chitsime amalipidwa. Mawu okoma ndi aulere, koma nyimbo imene imafika m'makutu a anthu yadutsa m'manja ambiri ndi m'masiku ambiri. Kwaya yofuna kutulutsa chimbale imakumana madzulo aliwonse kwa miyezi, anthu atachoka kumunda, kumsika ndi kuofesi. Imasonkha ndalama za yunifolomu, za situdiyo pa nyimbo iliyonse, za minibasi yopita kukajambula kanema kunyanja kapena kuphiri, ndi za holo yokhazikitsira chimbale. Patsiku lokhazikitsa, chimbale choyamba chimagulitsidwa mopikisana mtengo, mlendo wolemekezeka n'kutchula ndalama zake, ndipo nthawi zambiri zonsezo zimangokwana kubweza ngongole. Woliza kiyibodi amene amaoneka ngati zala zake zimangoyenda zokha anakhala zaka akubwereza zinthu zomwezomwezo payekha.

Malipiro amagula nthawi, thukuta, zida ndi maphunziro amenewa. Sagula mphatso, chifukwa mphatso singachoke mwa mwini wake kupita kwa wogula. Fanizo la pa Mateyu 25, la antchito atatu osungitsidwa ndalama ndi mbuye wawo, limadzudzula wantchito amene anakwirira gawo lake pansi. Luso losasamalidwa limafota, ndipo kulisamala kumafuna maola amene munthu wogwira ntchito ina tsiku lonse sakhala nawo. Choncho kwa anthu ena, kusandutsa nyimbo kukhala ntchito ndiyo njira yokhayo yokhalira wokhulupirika pa zimene anapatsidwa.

Malire a malipiro

Komabe pali malo anayi pamene malipiro amasanduka chinthu choipa. Oyamba ndi pamene woimba akugulitsa chimene si chake, monga kulonjeza machiritso, madalitso kapena kudzoza kwa amene alipira pakhomo. Limeneli ndi tchimo la Simoni. Achiwiri ndi pamene akuimba bodza chifukwa cha ndalama. Nthawi ya chisankho oimba amaitanidwa kupeka nyimbo zotamanda atsogoleri, ndipo kutamanda munthu amene woimba amamukhulupirira si kulakwa, koma kuika ulemu wa mneneri pa munthu chifukwa cha envulopu n'kugulitsa chikhulupiriro chimene anthu ali nacho mwa woimbayo. Achitatu ndi pamene wosauka watsekeredwa kunja kotheratu, woimba n'kufika poti sangaimbe pamaliro a mnansi, kundende kapena kuchipatala popanda kulipidwa. Achinayi ndi pamene mtsogoleri wa gulu amalandira zambiri n'kuwapatsa oliza zida ndi ovina ndalama ya minibasi yokha. Levitiko 19 ndi Yakobo 5 amatsutsa mwamphamvu kumana wantchito malipiro ake, ndipo kutchula dzina la Mulungu m'nyimbo sikumasula munthu ku lamulo limeneli.

Muyeso umodzi umakhudza malo onsewa: ngati woimba akadali ndi mphamvu yokana. Woimba amene angakane nyimbo yabodza ngakhale ndalama zake n'zambiri, ndi kuvomera kuimba kwaulere pamene chifundo chikufunika, ndiye kuti ndalama ndi wantchito wake. Amene sangathenso kukana, ndalama zasanduka mbuye wake, ngakhale nyimbo zake zonse zitakhala zauzimu.

Palinso mtengo umene woimba mwini amalipira. Walira mvula walira matope. Wosankha ntchitoyi adzaimba nyimbo imodzimodziyo kambirimbiri, adzakwera pansanja atatopa kapena ali ndi chisoni, adzayenda usiku m'misewu yoipa, ndipo adzakhala miyezi yopanda phwando. Chikondi choyamba chija, chongoimba pofuna, chimayesedwa. Mwa ena chimatha, mwa ena chimakhwima n'kukhala kudzipereka. N'chifukwa chake njira ya Paulo yosoka mahema ikadali yolemekezeka. Mphunzitsi, namwino kapena kalipentala amene amatsogolera kwaya Lamulungu sanakwirire mphatso yake, ndipo nthawi zina ali ndi ufulu woposa wa katswiri. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, ndipo wosankha ayenera kuyeza kukula kwa luso lake moona mtima, kufunsa amene anayenda kale njirayo, ndi kuganizira anthu amene amadalira iye.

Udindo wa omvera

Mtsutso wa utumiki ndi bizinesi nthawi zambiri umaunjika mlandu wonse pa woimba, omvera n'kukhala ngati oweruza opanda mbali. Koma mpingo umene umalipira womanga tchalitchi, wa magetsi ndi wa zokuzira mawu, n'kumuuza woimba wochokera kutali kuti Mulungu amudalitse, sunapatule nyimbo. Wangosankha munthu woti asenze yekha mtengo wa chikondwerero cha onse. Munthu amene amavina nyimbo paukwati, kutonthozedwa nayo pamaliro ndi kuikopera kwa anzake popanda kuperekapo kanthu, sayenera kudabwa woimbayo akathawira ku ndale kapena ku malonda a mowa. Umphawi suyeretsa woimba, umangomufooketsa pamaso pa aliyense wobwera ndi ndalama.

Motero yankho la funsoli n'lakuti kusandutsa chikondi cha nyimbo kukhala ntchito n'kovomerezeka pamaso pa chipembedzo ndi pamaso pa nzeru, malinga ngati malipiro ali a thukuta osati a chisomo, ngati woimba asunga mphamvu yake yokana bodza, ndiponso ngati achitira chilungamo anzake oimba nawo. Woimba ayenera kuyang'anira mtima wake, ndipo mipingo, mawayilesi, eni maphwando ndi omvera onse ayenera kupereka gawo la oimba pa nthawi yake, iwo akadali ndi moyo.